PlayStation 2 ikakana kuwerenga chimbale: zoyenera kuchita musanagule lenzi ina

Kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, patebulo panga sipasowa PlayStation 2. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi, koma nyengo ya fumbi ikafika anyamata a timanyumba tosewereramo magemu amabwera ndi makina awo m'zikwama, ena kuchokera ku Domwe, ena ku Tsangano pa njinga yamoto, ndipo mawu awo sasiyana: "Achimwene, lenzi yafa, ndiikireni ina." Ndikatsegula, nthawi zambiri ndimapeza lenziyo, kachipangizo kowerenga chimbale ndi kuwala, ili moyo. Yangophimbidwa ndi fumbi, kapena girizi wauma, kapena mphemvu zamanga mudzi m'katimo.

Sony inatulutsa makina amenewa mu 2000, yopyapyala ija inabwera mu 2004, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2013 anali atasiya kuwapanga. Ndiye kuti ngakhale imene mukuiona ngati yatsopano yapitirira zaka 10. Ma lenzi amene akugulitsidwa masiku ano ena ndi abwino, ena ndi akale ongopukutidwa, ndipo simungawasiyanitse ndi maso. Nchifukwa chake lenzi imene inabwera ndi makina ndimaiteteza mpaka nditatsimikiza kuti yathadi. Yambani ndi zosafuna ndalama, zodula zibwere kumapeto.

Dziwani kaye makina amene muli nawo

Tembenuzani makinawo muwerenge pepala lomatidwa kumbuyo kapena pansi. Pali nambala yoyamba ndi SCPH. Ya m'ma 30000, 39000 ndi 50000 ndi yonenepa ija yotulutsa thireyi. Kuyambira 70000 mpaka 90000 ndi yopyapyala, yotsegula chivindikiro pamwamba. Manambala awiri omalizira amanena dera limene makinawo anawapangira kuti akagulitsidwe: 00 ndi Japan, 01 ndi America, 03 ndi Britain, 04 ndi maiko ena a ku Ulaya. Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Magetsi athu ndi a 220V, ndipo yonenepa ya ku America kapena Japan mukaiika pa soketi popanda chotsitsira mphamvu ipsa nthawi yomweyo. Chinanso, makina osaikidwa chipi, kachipangizo kowonjezera kowalola kuwerenga zimbale zonse, amakana gemu ya dera lina. Chimbale cha ku America pa makina a ku Ulaya chimabweretsa sikirini yofiira yopempha chimbale china, koma palibe chimene chawonongeka.

Kenako chimbale

Musagwire sikuludiraiva musanayese zimbale zitatu kapena zinayi. Chiwunikeni ndi tochi ya foni mopendeketsa. Zala, mafuta a mandasi, phala la mwana, zonsezi zimatsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Pukutani ndi nsalu yofewa kuchokera pabowo la pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, chifukwa mzere wotsata mkombero ndi umene makina amalephera kuudumpha.

Mtundu wa kunsi kwa chimbale umakuuzani zambiri. Cha buluu ndi gemu ya PS2 yolembedwa pa CD. Chakuda ndi cha PlayStation yoyamba, nachonso ndi CD. Chasiliva ndi DVD, ndipo chooneka ngati golide ndi DVD ya misanjiko iwiri, monga God of War II ndi Gran Turismo 4. M'kati mwa lenzi muli magwero awiri a kuwala, la CD ndi la DVD, ndipo satha tsiku limodzi. Choncho yesani CD ya nyimbo, yesani DVD ya filimu, yesani gemu, mulembe papepala zimene zawerenga ndi zimene zakana. Ikawerenga CD n'kukana DVD iliyonse, mwadziwa mbali imene yafooka. Ikangokana za golide zokha, lenzi yayamba kutopa kapena ili ndi fumbi, koma sinafe.

Za zimbale zokopera zimene zadzaza m'misika yathuyi ndinene poyera: zimabweza kuwala kochepa kuposa zenizeni, lenzi imavutika nazo, ndipo chokalikakalika ndiye choipitsitsa. Makina akamalimbana ndi chimbale chotero kwa mphindi zambiri, zimitsani. Kuwasiya akuyesayesa kumatenthetsa timawaya toyendetsa diso, kagalasi ka pamwamba pa lenzi.

Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'mawa mwa chisanu cha Angonia, makina amene agona m'chipinda chozizira n'kulowetsedwa motentha amachita nthunzi pagalasi. Asiyeni ola limodzi musanawaweruze.

Tcherani khutu

Apa ndi pamene ambiri amathamangira, chonsecho mpamene pali yankho. Tsitsani mawu a TV, ikani chimbale chabwino, khutu pafupi ndi makina. Makina athanzi amachita zinthu motsatana. Poyamba mumamva kaphokoso kakafupi, lenzi ikutsetserekera pakati. Kenako timaphokoso ting'onoting'ono ta "thi, thi", diso likukwera ndi kutsika kufunafuna chimbale. Likachiona mpamene mota imayamba kuzungulira mwamphamvu.

Mvetsani bwino dongosolo limeneli: mota siyithamanga diso lisanaone chimbale. Anthu ambiri akaona chimbale sichikuzungulira amati mota yafa, n'kuyamba kufunafuna mota ina, pomwe vuto ndi diso losaona kapena chivindikiro chimene makina akuganiza kuti chikadali chotsegula.

Mukamva "kho, kho, kho" mobwerezabwereza, kapena phokoso ngati la mano okukutika, vuto lili pa kayendedwe: lenzi ikukanika kutsetsereka pa tizitsulo take, kapena kapulasitiki kogwira mano a giya kadyeka. Chimbale chikayamba kuzungulira, n'kuima, n'kuyambanso kangapo mpaka pa TV palembedwe Disc Read Error, ndiye kuti diso likuona mwachimbuuzi. Mukapanda kumva kalikonse, chonsecho chithunzi chikubwera, kayikirani timaswitchi ta chivindikiro kapena riboni, kalamba kafulati ka mawaya, yazuka.

Zida

Mufunika sikuludiraiva yaing'ono ya nyenyezi, imene m'mashopu akuno amati chave estrela, tithonje totokosera m'makutu, kaburashi kofewa, kampira kopopera mpweya, girizi woyera wosadya pulasitiki, ndi sipiriti wa isopropyl wa 90% kupita m'mwamba. Sipiriti wa 70% wa ku famasi ali ndi madzi ambiri, amachedwa kuuma. Wapepo woyatsira moto uja amasiya mtundu pagalasi. Kachasu, petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo zisayandikire n'komwe. Pezaninso thireyi ya mazira yoikamo masikuluu, kapena kuti maparafuso, chifukwa ena ndi aatali ena aafupi, ndipo lalitali likalowa malo a lalifupi limaboola zimene zili pansi pake.

Zulani pulagi kukhoma. Gwirani chitsulo cha chitseko kapena cha windo musanakhudze za m'kati, makamaka nyengo youma, kuti magetsi a m'thupi atuluke. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule.

Kupukuta diso pa yopyapyala

Iyi siyifuna kumasula. Tsegulani chivindikiro, muona kagalasi kozungulira kochepa ngati njere ya nandolo. Kagalasi kameneka sikanamatidwe, kakulendewera pa timawaya topyapyala ngati tsitsi kuti kazitha kukwera, kutsika ndi kupita m'mbali. Mukakakanikiza mwamphamvu timawayato timapindika, ndipo lenzi yabwinobwino imathera pomwepo.

Poperani mpweya kaye ndi kampira kuti mchenga uchoke, chifukwa mukapukuta mchenga ulipo mukala galasi. Osauzira ndi pakamwa, malovu amatsalira. Nyowetsani kathonje pang'ono, kafinyireni pansalu kuti kasadonthe, ndipo kayendetseni pagalasi mopepuka ngati mukuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Kawiri kapena katatu n'kokwanira. Tengani kouma mupukutenso, muwunike ndi tochi ngati patsala ulusi wa thonje, mudikire mphindi zisanu.

Pansi pa kagalasiko pali kalilole kakang'ono kotembenuza kuwala, ndipo nako kamasonkhanitsa fumbi. Makina ochokera ku Moatize ndimawadziwa ndisanafunse, thonje limatuluka lakuda ndi fumbi la malasha. A m'nyumba zophikira nkhuni amakhala ndi mwaye wamafuta umene mpweya wokha suchotsa. Lozetsani kampira m'mbali mwa diso mupope kangapo kuti mpweya ufike pansi, koma musalowetsemo thonje kapena singano.

Mukadali pomwepo yang'anani riboni, kalamba kafulati ka mtundu wa lalanje kochokera pansi pa lenzi. Kanamatidwa pa chitsulo ndi guluu, ndipo ndi kutentha ngati kwa mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limapitirira madigiri 40, guluuyo amatha mphamvu. Kalambako kamatukuka n'kumakhudza chimbale chikuzungulira. Chizindikiro chake ndi mzere wozungulira bwinobwino kunsi kwa zimbale zanu zonse. Mukauona, musaikenso chimbale china chilichonse mpaka mutakonza. Kankhirani lenzi pang'onopang'ono kumapeto, pukutani guluu wakale ndi sipiriti, mumate riboniyo pamalo pake penipeni ndi tepi yopyapyala yomata mbali zonse. Mukatero yendetsani lenzi uku ndi uku muone kuti sikukoka komanso sikutukuka. Supagulu ayi, amaumitsa riboni n'kuithyola.

Chotsala ndi timaswitchi tiwiri touza makina kuti chivindikiro chatsekedwa, kena kutsogolo pafupi ndi batani loyatsira, kena kumbuyo kufupi ndi popindikira chivindikiro. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani chimbale, tsekani, kanikizani chivindikiro ndi chikhatho. Chikayamba kuzungulira mutakanikiza, lenzi ilibe mlandu. Donthezerani sipiriti pang'ono pa kaswitchiko, kadineni kangapo ndi kamtengo ka machesi, muonenso ngati kano ka pulasitiki ka pa chivindikiro sikanadyeke. Ena amamata timaswitchiti ndi tepi kuti makina aziyenda chivindikiro chili chotsegula. Poyesa pokha n'zotheka, koma musayang'ane m'diso makina ali oyaka. Kuwala kwa DVD n'kofiira, kwa CD sikuoneka bwino n'komwe, ndipo konse kumavulaza maso. M'nyumba mosewerera ana musawasiye choncho.

Kutsegula yonenepa

Tembenuzani makina, chotsani timiyendo ta rabala ndi tizivindikiro ta pulasitiki tobisa masikuluu. Mukamasula onse, atembenuzeninso, dulani kapepala komata m'mbali, mukweze chikuto kuyambira kumbuyo. Apa dekhani. Mabatani awiri a kutsogolo alumikizidwa ndi riboni yopyapyala kwambiri imene pa makina ambiri inamatidwa ku chikutocho. Mukachikweza ngati mukuvundukula mphika, riboniyo iduka ndipo makina sayakanso. Chigonekeni pambali ngati mukutsegula buku.

Yonenepa ili ndi bolodi ya magetsi m'kati mwake, ndipo imasunga mphamvu kwa kanthawi ngakhale mutazula pulagi. Ntchito yathu siyifika kumeneko, musaikhudze.

Chotsani kachivindikiro ka pamwamba pa bokosi la chimbale. M'kati mwake muli kachozungulira koyera kokhala ndi maginito, kamene kamapana chimbale pa mota. Musakataye. Pukutani diso monga tanenera, musese fumbi pa fani ndi m'mabowo olowera mpweya. Ngati muli mphemvu tulukani nawo panja, chifukwa mazira ake amabisala m'makona.

Yang'ananinso karabala ka pamutu pa mota, pamene chimbale chimakhala. Kakachita fumbi kamaterera. Zimbale za buluu ndi zimene zimayamba kudandaula, chifukwa makinawa amazungulitsa CD mothamanga kwambiri, ndiye mumamva kukwecha chimbale chikuterereka. Thonje la sipiriti limabwezeretsa kugwira kwake.

Tizitsulo, girizi ndi kalamba

Lenzi imayenda pa tizitsulo tiwiri tozungulira, ikukankhidwa ndi kachitsulo ka mano opota ngati sikuluu. Girizi wa zaka 20 akasakanikirana ndi fumbi amasanduka phula. Zungulitsani kachitsulo kopotako ndi chala kuti lenzi isunthe, osaikoka mwamphamvu. Pukutani tizitsuloto ndi sipiriti mpaka thonje lituluke loyera, kenako pakani girizi wochepa ngati njere ya mpunga pa kalikonse, muyendetse lenzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti afalikire. Girizi akasowa, kadontho ka mafuta a makina osokera kamathandiza pa tizitsulo pokha. Mafuta ophikira amauma n'kuitana nyerere, girizi wakuda wa galimoto ndi wolemera, ndipo mafuta opopera ochotsa dzimbiri amamwazikira pagalasi.

Kapulasitiki kolumikiza lenzi ndi kachitsulo kopota kali ndi timano tiwiri kapena titatu. Tikadyeka mpamene mumamva "kho, kho" uja. Kamagwidwa ndi sikuluu imodzi, ndipo kochokera m'makina akufa a mtundu womwewo kamalowa bwino. Nchifukwa chake makina akufa sinditaya.

Thireyi ikamakana kutuluka, kapena ikamatuluka mpaka mutaimenya pamwamba, kawirikawiri ndi kalamba ka rabala koyendetsa magiya ake kamene katamuka. Katsukeni ndi sopo, pukutani mawilo ake ndi sipiriti. Kakakhala kotamukiratu, pezani kofanana kukula m'ma DVD player akale. Pa zonenepa zina muonanso giya yoyera kumbuyo kwa lenzi, yosintha kupendekeka kwake. Musaizungulitse musanaike chizindikiro ndi cholembera pamene inali.

Bwezerani kachivindikiro ka maginito kaja musanayese, apo ayi chimbale chiuluka.

Pali chinanso chaulere chimene ambiri sachidziwa. Yatsani makina opanda chimbale, pa sikirini yoyamba dinani batani la makona atatu kuti muone Version, sankhani Console, dinaninso la makona atatu, muyatse Diagnosis. Kenako ikani chimbale. Makina amadziyeza okha n'kusintha kawerengedwe kake. Akazimitsidwa zimabwerera mwakale, koma gemu ikayamba mwa njira imeneyi mwadziwa kuti lenzi ikadali ndi moyo.

Timasikuluu tiwiri timene aliyense amathamangira

Pa lenzi pali tinthu tiwiri tooneka ngati timasikuluu tating'ono, kena ka CD kena ka DVD. Si tomangira kanthu, ndi tochepetsa kapena kuwonjezera magetsi opita ku gwero la kuwala. Mnyamata aliyense amene anaonerapo kanema pa YouTube amatidziwa, ndipo ma lenzi ambiri amene ndimalandira atafadi anafera pamenepa.

Inenso ndinaphapo imodzi. Bambo wina wa ku Furancungo anabwera ndi makina a mwana wake, ankawerenga koma mochedwa. Ndinalibe mita yoyezera magetsi tsiku limenelo, ndinangopotoza ndi maso. Gemu ya mpira inayamba msanga, bamboyo anathokoza n'kupita. Patatha masabata awiri anabweranso, anaika makinawo patebulo mwakachetechete n'kunena kuti, "Amisiri, mwana uja sakudya." Lenzi inali itapsa, ndipo ndikanangopukuta kalilole ndi kupaka girizi ikanakhalabe. Ndinaigula ina ndi ndalama zanga, ndipo kuyambira pamenepo sinditigwira popanda mita.

Zonse zam'mwambazi zikakanika, chitani motere. Werengani nambala ya lenzi yanu, mupeze chithunzi chake pa intaneti kuti mudziwe ka CD ndi ka DVD, chifukwa malo ake amasiyana malinga ndi mtundu. Zulani riboni ya lenzi. Ikani mita pa ma ohm, yezani kamene mukufuna kusintha, mulembe nambalayo papepala. Ma ohm akatsika kuwala kumakwera. Tsitsani ndi 5 pa 100 iliyonse: mukapeza 1000, pitani pa 950. Kupotoza kwake n'kochepa kwambiri moti dzanja silimva kuti lasuntha, ndiye yezaninso nthawi iliyonse. Bwezerani riboni, yesani. Ikawerenga, imani pomwepo, musafune kuti iziwerenga mothamanga. Ikakana, tsitsaninso kamodzi kokha. Mukafika pa 10 pa 100 osasintha kanthu, bwezerani pa nambala yoyamba ija, lenziyo yatha. Ndipo mbali imene ikuwerenga bwino musaikhudze. Muuzeni mwini makina zoona zake, kuti uku n'kuwonjezera masiku chabe, ayambe kusunga ma metikali a lenzi ina.

Kuika lenzi ina

Gulani ya nambala yofanana ndi imene mwachotsa. Zonenepa zambiri zili ndi KHS-400B, KHS-400C, KHS-400R kapena SF-HD7, pomwe zopyapyala zimakhala ndi SPU-3170, PVR-802W kapena TDP-182W. Zina zimafanana maonekedwe koma makina sazilandira. Mukatuma munthu wopita ku Tete, ku Lilongwe kudzera pa Calomue, kapena ku Blantyre kudzera pa Zóbuè, mupatseni lenzi yakaleyo m'kabokosi ka machesi akulu kapena chithunzi choonetsa nambala, osangomuuza kuti "ya PS2".

Masulani zogwira tizitsulo, solozani kamodzi, lenzi ituluka. Polowera riboni pali kachotsekera kakang'ono kofunika kukatsegula ndi chikhadabo musanakoke. Kapulasitiki ka mano kaja kachotseni pa yakale mukamange pa yatsopano, chifukwa zambiri zimabwera zopanda. Pa yonenepa samutsaninso kasikuluu kosintha msinkhu, muwerenge kuti kanalowa mizungulo ingati.

Musanatseke, tembenuzani lenzi yatsopanoyo muyang'ane pa bolodi yake. Mupeza kadontho ka mtovu kolumikiza timizere tiwiri kapena titatu. Anakaika dala kuti magetsi a m'manja asaiwononge paulendo, ndipo kakadalipo lenzi siyiwala n'komwe. Anthu abwezapo ma lenzi abwino kwa ogulitsa n'kukangana nawo chifukwa cha kadontho kameneka. Tenthetsani chowotcherera mtovu, chizuleni kumagetsi, mukhudze kadonthoko kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kukokera kumbali mpaka timizereto tisiyane. Wunikani ndi tochi mutsimikize kuti palibe kaulusi ka mtovu kotsala pakati.

Lenzi ikasoweratu, makina sanathe ntchito. Yonenepa imalandira hard disk kumbuyo kudzera pa network adaptor, ndipo ndi memory card yokhala ndi pulogalamu ya Free McBoot pamodzi ndi pulogalamu yoyendetsa magemu ya Open PS2 Loader, magemu amayenda popanda chimbale. Pa flash amayendanso, kungoti USB ya makinawa ndi ya 1.1, yochedwa, moti makanema a m'kati mwa gemu amadukaduka.

Mukamaliza musamange masikuluu onse nthawi yomweyo. Tsekani chikuto, yesani zimbale zonse zija munalemba papepala, CD, DVD ndi ya golide ngati ilipo, ndipo siyani gemu iyende ola lathunthu, chifukwa lenzi yofooka imawerenga ikazizira n'kuyamba kukana ikatentha. Ikadutsa pamenepo mangani, muwaike pa tebulo osati pansi, mabowo a fani asatsamire khoma, ndipo usiku akazizira muziwafunditsa nsalu.